Ndege za asilikali zikagwa, chimakhala chavuta n'chiyani?

Chigwereni ndege ya asilikali athu m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, funso limodzi silidachokebe pakamwa pa anthu, kaya ndi padoko podikira maboti kapena pakhonde madzulo. Zimatheka bwanji kuti ndege ya asilikali, yoyendetsedwa ndi anthu ophunzitsidwa bwino, itanyamula akuluakulu a dziko, ingogwa? Ena amayankha msanga kuti inali nthawi yawo. N'zoona kuti nthawi ya munthu aliyense ili m'manja mwa Allah, koma zimenezi sizitiletsa kufunsa kuti chidawonongeka n'chiyani, adatopa ndani, adalamula ulendo ndani. Enanso amayankha msanga kuti pali dzanja la munthu. Mayankho onse awiriwa amabwera kafukufuku asadayambe n'komwe. Choncho tiyeni tione ngozi zingapo zimene zidafufuzidwa, kuti timve mmene ndege zoterezi zimagwera.

Tiyambe ndi mfundo imene ambiri saidziwa. Ndege zonyamula anthu wamba zimatsatira malamulo a pangano la mayiko limene lidasainidwa ku Chicago m'chaka cha 1944. Malamulo ochokera pa panganoli ndi amene amanena zida zimene ndege iyenera kukhala nazo, malire a kutopa kwa woyendetsa, komanso kuti ikagwa pakhale kafukufuku wa akatswiri ndipo lipoti lituluke. Koma gawo lachitatu la pangano lomwelo limanena kuti ndege za boma, kutanthauza za asilikali, za apolisi ndi za akasitomu, sizikhudzidwa nalo. Asilikali a dziko lililonse amadziikira okha malamulo, n'kumadziyang'anira okha. M'mayiko olemera izi sizidetsa nkhawa kwambiri chifukwa ndalama zokonzera ndi zophunzitsira zilipo. M'mayiko osauka, ndege ya asilikali imatha kugwira ntchito zaka makumi atatu kapena anayi ilibe zida zimene ndege ya kampani sikadaloledwa kunyamuka popanda izo. Ndipo ndege yomweyo ndi imene boma limatumiza pakafunika kunyamula nduna, maliro kapena timu ya mpira, poti ndiyo yotsika mtengo.

Usiku wa ku Libreville

Anzathu a ku Zambia amaidziwa bwino nkhaniyi. Mu Epulo 1993 timu yawo ya mpira idali pa ulendo wopita ku Dakar kukasewera ndi Senegal m'masewero odzipezera malo ku mpikisano wa dziko lonse wa 1994. Bungwe la mpira lidalibe ndalama zokwanira, ndiye monga ankachitira kawirikawiri, adabwereka ndege ya asilikali a m'mlengalenga. Idali ya mtundu wa DHC-5D Buffalo, yopangidwa ku Canada, ya injini ziwiri zokhala ndi mapulopela. Buffalo idapangidwira kunyamula asilikali ndi katundu maulendo aafupi ndi kutera pa mabwalo a fumbi. Sidapangidwire ulendo wodutsa pafupifupi theka la Africa, choncho idayenera kumaima kumwa mafuta ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan isadafike ku Dakar.

Ndegeyo idali itakhala pansi osauluka kwa miyezi ingapo, kuyambira chakumapeto kwa 1992. Itabwerera pa ntchito mu Epulo momwemo, okonza adapezamo zizindikiro zosakondweretsa m'injini: tizinyalala takuda m'sefa ya oyilo, mawaya ena osalumikizika, ndi malo ooneka kuti adatentha kwambiri. Ulendo sudalephereke. Itaima ku Brazzaville vuto la injini lidaonekanso, koma ulendo udapitirira. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili lidanunkha kangapo konse.

Usiku wa pa 27 Epulo ndegeyo idanyamuka ku Libreville kulowera kunyanja ya Atlantic. Patangopita nthawi yochepa, injini ya kumanzere idagwira moto n'kusiya kugwira ntchito.

Apa tiime pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona phunziro lonse. Kufa kwa injini imodzi sikugwetsa ndege ya injini ziwiri. Ndege zoterezi zimapangidwa kuti zizitha kuuluka ndi injini imodzi, ndipo oyendetsa amaphunzira zimenezi mobwerezabwereza. Amene adakwerapo boti la injini ziwiri adziwa chimene chimachitika imodzi ikazima: botilo limakhotera mbali ya injini yakufayo, poti inayo ikukankhabe. Ndege nayo imatero. Woyendetsa amayenera kuiwongola ndi phazi, kuzindikira injini imene yafa, kuitsekera mafuta kuti moto usapitirire, ndi kutembenuza masamba a pulopela yake kuti asamakoke mphepo. Akatero amazungulira n'kubwerera pabwalo. Chovuta n'chakuti zonsezi zimayenera kuchitika m'masekondi owerengeka, ndege ili pafupi ndi pansi, ili yolemera ndi mafuta amene yangomwa kumene, liwiro lisadakwane. Ndipo usiku pamwamba pa nyanja maso saona polekezera madzi ndi poyambira thambo.

Lipoti la boma la Gabon lidati woyendetsa adazimitsa injini ya kumanja, yomwe idali yabwinobwino. Ndegeyo idatsala yopanda mphamvu iliyonse ndipo idagwera m'nyanja pafupifupi mamita 500 kuchokera pagombe. Anthu onse 30 adafa, kuphatikizapo osewera 18 ndi mphunzitsi wawo Godfrey Chitalu. Kaputeni wa timuyo, Kalusha Bwalya, sadali m'ndegemo chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ku Netherlands ndipo adakonza zokakumana ndi anzake ku Dakar.

N'kosavuta kunena kuti woyendetsa adalakwitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife tikuona kuti kutero n'kusamuchitira chilungamo munthu amene sangathe kudziyankhira. Lipoti lomwelo lidatchula nyali yochenjeza imene inkaonetsa zolakwika, ndiponso kutopa. Woyendetsayo adali atangobwera kumene ndi timu yomweyo kuchokera ku Mauritius, kumene idakasewera masiku awiri m'mbuyomo, ndipo adayambanso ulendo wina wautali asadapume mokwanira. Munthu wotopa, mumdima, belu likulira, chida chikumunamiza, amatha kugwira chogwirira cholakwika ngakhale ali katswiri. Oyendetsa ndege za makampani nawonso adachitapo chimodzimodzi, ku Kegworth ku England mu 1989 ndi ku Taipei mu 2015. Amene adasankha ndege imeneyo pa ulendo umenewo, amene adailola kuchoka ku Lusaka, ndi amene sadapeze woyendetsa wina wopumula, onsewo adali pansi pomwe usiku umenewo.

Lipoti la Gabon lidatuluka mu 2003, patatha zaka khumi. M'zaka khumi zimenezo mphekesera zidadzaza malo: ena ankati asilikali a Gabon adaiwombera poiyesa ya adani. Ubale wa mayiko awiriwa udasokonekera, ndipo zinthu zidaipiraipira pamene Zambia idagonja 1-0 ku Morocco mu Okutobala 1993 pa masewero omaliza, woimbira wake ali wa ku Gabon. Mabanja a omwalirawo adachita kupita kukhoti kuti alandire chipepeso. Osewerawo adaikidwa pafupi ndi bwalo la Independence ku Lusaka, ndipo chikho cha Africa chimene Zambia idatenga mu Febuluwale 2012 idakachitengera mumzinda womwewo wa Libreville.

Kufa kwa injini ponyamuka kudaphanso anthu ambiri kwina. Ku Lagos pa 26 Seputembala 1992, ndege ya asilikali a Nigeria ya mtundu wa C-130 idagwera m'dambo patangopita mphindi zochepa inyamukire, injini zake zitafa motsatizana. Mudafa anthu oposa 150, ambiri mwa iwo maofesala a usilikali amene adali pa maphunziro. Ku Boufarik m'dziko la Algeria, pa 11 Epulo 2018, ndege ya asilikali ya Il-76 idagwa itangonyamuka ndipo mudafa anthu 257.

Chifunga ndi mkulu amene wakhala kumbuyo

Mtundu wina wa ngozi ndi wa ndege yabwinobwino, injini zonse zikulira, imene imakagunda phiri kapena mitengo oyendetsa asakudziwa kuti atsika kwambiri. Kuti timvetse, tidziwe kuti pali njira ziwiri zoulutsira ndege. Yoyamba ndi yodalira maso: woyendetsa amaona pansi, amaona mapiri, ndipo lamulo lake ndi lakuti asalowe mumtambo. Yachiwiri ndi yodalira zida: amakwera pamsinkhu wopitirira phiri lililonse la m'deralo, n'kumatsata zida mpaka pamene watsala pang'ono kutera. Potsikapo pali msinkhu woikika umene akafika asakuonabe bwalo ayenera kukweranso n'kupita kwina. Ngozi zambiri zimachitika pakati pa njira ziwirizi, pamene munthu wayamba ndi maso, mitambo yatsika, iye n'kumatsika nayo kuti aziona pansi, pomwe kutsogolo nthaka ikukwera. Mumtambo thupi limanamanso. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timatiuza ngati taima chilili kapena tapendekeka, ndipo maso akasowa choona, tiziwaloti timatha kumuuza woyendetsa kuti ndege ili bwino pomwe ikukhota kapena kutsika.

Chitsanzo chimene chidafufuzidwa mozama kwambiri ndi cha ku Smolensk ku Russia. Pa 10 Epulo 2010 ndege ya asilikali a Poland ya mtundu wa Tu-154 idanyamula pulezidenti Lech Kaczyński, mkazi wake, akuluakulu a asilikali, aphungu ndi atsogoleri ena. Ankapita ku mwambo wokumbukira kuti padatha zaka 70 chiphedwereni anthu a ku Poland pafupifupi 22,000 ndi apolisi achinsinsi a Soviet Union mu 1940, ena mwa iwo m'nkhalango ya Katyn. Udali mwambo woti pulezidenti sangachedwe.

M'mawa umenewo pabwalo la Smolensk padagwa chifunga chadzaoneni. Bwalolo lidali lakale la asilikali, lopanda zida zamakono zotsogolera ndege mpaka pansi. Ndege ina ya ku Russia idayesa kutera kawiri, idalephera, n'kubwerera. Woyang'anira pansanja adauza oyendetsa a ku Poland kuti nyengo si yoterera. Anzawo amene adali atatera kale ndi ndege yaing'ono adawauza pa wailesi kuti munthu akuona mamita 400 okha, kenaka adati 200. Oyendetsawo adaganiza zoyesako kamodzi. Adatsika kupitirira mamita 100 amene adayenera kulekezera. Kutsogolo kwa bwalolo kuli chigwa, ndipo chida chimene ankadalira chimayeza mtunda kuchokera pa nthaka imene ili pansi pa ndege nthawi imeneyo, choncho chinkawaonetsa kuti ali m'mwamba pomwe kutsogolo nthaka ikukwera. Makina ochenjeza adafuula mobwerezabwereza kuti akweze ndege. Pamene ankayesa kukwera nthawi idali itatha. Phiko la kumanzere lidagunda mtengo n'kuduka, ndegeyo idatembenuka chagada, ndipo anthu onse 96 adafa.

N'chifukwa chiyani anthu odziwa ntchito adayesa kutera? Makina ojambula mawu adaonetsa kuti anthu ena osakhala oyendetsa ankalowa m'chipinda choyendetsera, mmodzi wa iwo mkulu woona za ndondomeko ya maulendo a pulezidenti, amene adauzidwa za chifungacho n'kubweranso kudzanena kuti pulezidenti sadagamulebe chochita. Lipoti la ku Russia lidatsindika za kupanikizika kumeneku. Lipoti la boma la Poland la mu 2011 lidatsindika za maphunziro operewera a oyendetsa ndi kusatsata malamulo m'gulu lawo, komanso lidadzudzula oyang'anira pansanja a ku Russia. Gulu la asilikali limene linkanyamula akuluakululo lidathetsedwa chaka chomwecho. Pali chinanso. Mu Ogasiti 2008, nthawi ya nkhondo ya Russia ndi Georgia, pulezidenti yemweyo adafuna kuti ndege yake itere ku Tbilisi, woyendetsa adakana chifukwa cha chitetezo, ndipo nkhaniyo idabuka kwambiri. Woyendetsa wamkulu wa ku Smolensk adali wothandizira pa ulendo wa 2008 umenewo.

Apa ndi pamene ndege ya asilikali imasiyana kwambiri ndi ya kampani. Woyendetsa wa kampani akati sititera, palibe wokwera amene angamulamule. Msilikali adaphunzitsidwa moyo wake wonse kumvera wamkulu ndi kumaliza ntchito imene wapatsidwa, ndipo nthawi zambiri amene wakhala kumbuyoyo ndi bwana wa mabwana ake. Sipafunika kuti wina alankhule. Kungodziwa kuti mwambo ukudikira n'kokwanira.

Ngakhale ngoziyi idafufuzidwa chotere, ku Poland idagawa anthu. Boma lina litalowa lidakhazikitsa komiti imene idati m'ndegemo mudaphulika bomba, ndipo boma lotsatira lidathetsa komitiyo kumapeto kwa 2023.

Tsopano tibwerere kwathu. Ndege imene idagwa ku Chikangawa idali Dornier 228, yopangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1980. Idanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa kupita ku Mzuzu, ulendo wa mphindi pafupifupi 45. Idanyamula wachiwiri kwa pulezidenti Dr. Saulos Chilima ndi ena opita ku maliro a Ralph Kasambara, amene adakhalapo nduna ya zachilungamo. Mudali anthu 9 kuphatikizapo asilikali atatu oyendetsa ndi kusamalira ndegeyo, ndipo mwa okwerawo mudali mayi Patricia Shanil Dzimbiri. Aliyense amene adadutsapo pa mapiri a Viphya mwezi wa Juni akudziwa mmene mitambo imakhalira pamitengo, moti ngakhale woyendetsa galimoto amayatsa nyali masana.

Boma lidapempha akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, a bungwe la BFU, kuti athandize. Iwo adapeza kuti ndegeyo idalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mmene ndege ikuyendera, aja amatchedwa black box. Njira imene idayenda adaipeza m'kachipangizo ka GPS kamene oyendetsa ankagwiritsa ntchito, ndipo idaonetsa ndege ikukhotakhota ndi kusinthasintha msinkhu pafupi ndi nthaka. Chigamulo chawo chidali chakuti oyendetsa adapitiriza ulendo wodalira maso m'nyengo imene maso sakadathandiza, mpaka adagunda malo okwera. Komiti imene adaitsogolera Justice Jabbar Alide idanenanso mu Disembala 2024 kuti sidapeze umboni wa chiwembu, ndipo idaloza nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu. Amalawi ambiri sadakhutire, ndipo sitikudabwa. Pamene palibe mawu ojambulidwa, palibe chimene chingatseke pakamwa pa wokayika, ngakhale ofufuzawo atakhala kuti anena zoona zokhazokha.

Chimene chidatiwawa kwambiri ife m'lipoti la a ku Germany ndi kanthu kakang'ono. Ndege imakhala ndi kachipangizo kamene kamayamba kutumiza chizindikiro chokha ikagunda pansi, kuti ofunafuna adziwe pamene yagwera. M'ndege iyi kadalimo, koma batire lake lidatha ntchito mu 2004. Zaka makumi awiri. Malipoti akuti onse adafera pomwepo, choncho batirelo silikadapulumutsa munthu tsiku limenelo. Koma ndegeyo idapezeka mawa lake, patadutsa tsiku lathunthu asilikali ndi anthu akusakasaka m'nkhalango, ndipo akadakhalapo wovulala wopumabe, usiku wozizira wa ku Chikangawa ukadamupeza ali yekha.

Nanga chiwembu?

Tisanamizane kuti chiwembu sichichitika. Pa 17 Ogasiti 1988 pulezidenti wa Pakistan, General Muhammad Zia-ul-Haq, adapita kufupi ndi Bahawalpur kukaonerera kuyesedwa kwa akasinja a ku America a mtundu wa M1 Abrams. Pobwerera adakwera ndege ya asilikali ya C-130 pamodzi ndi akuluakulu ambiri a asilikali, kuphatikizapo General Akhtar Abdur Rahman, komanso kazembe wa America Arnold Raphel. Nyengo idali yabwino, kudali masana. Patangopita mphindi zochepa, anthu a m'midzi adaona ndegeyo ikukwera ndi kutsika modabwitsa, kenaka idalunjika pansi n'kuyaka. Anthu onse, pafupifupi 30, adafa.

Apa zizindikiro zidali zosiyana ndi za ngozi zinazi. Padalibe chifunga, padalibe phiri, ndipo oyendetsa sadaitane pa wailesi kupempha thandizo. Komiti ya asilikali a Pakistan idati sidapeze vuto la makina lokwanira kufotokoza zimene zidachitika, ndipo idagamula kuti chifukwa chooneka kwambiri ndi chiwembu, mwina mpweya wa poizoni umene udakomola oyendetsa. Akatswiri ena a ku America adaloza ku vuto la makina oyendetsa chipsepse cha kumchira, chimene chimakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege. Chikadathetsa mkanganowu ndi kupima matupi a oyendetsa kuti aone ngati adapuma poizoni, komanso kumva zimene ankalankhula m'mphindi zomalizazo. Matupi a oyendetsawo adaikidwa m'manda osapimidwa, ndipo ndege ya pulezidentiyo, monga ya ku Chikangawa, idalibe makina ojambula mawu. Mpaka lero palibe munthu amene adaweruzidwa kukhoti pa imfa ya Zia.